Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Mwafika, a Hamoonga, ndi majombo obwereka,
chikwama mwachikweza pamutu ngati mwana wowolotsedwa.
Lowani. Mpando palibe, unapita ndi madzi Lachiwiri.
Imani pa njerwa iyo,
ndi yokhayo youma m'Kanyama muno.

Onani mzere wa matope pakhoma.
Wafika pomwe ndinalemba msinkhu wa Tikambenji ndi khala.
Iye zinamutengera zaka zisanu ndi zinayi,
madzi usiku umodzi.

Zaka khumi ndi chimodzi ndakwera minibasi
kupita ku Cairo Road, nsanjika yachitatu,
kumene mtsikana wa zikhadabo zofiira
ankandidindira lisiti osadzutsa mutu.
Malisiti ndi awa, m'chitini cha mabisiketi.
M'nyumba yonse, ndi okhawo sananyowe.

Tsopano mwatsegula tsamba lachisanu ndi chiwiri.
Zilembo zake n'zazing'ono ngati utitiri,
kuluma kwake n'komweko.

Akuti madzi ali mitundu iwiri.
Ogwa kumwamba, olowera pomwe mphepo yasasula lata,
amenewo ndi anu.
Otumphuka pansi, obwerera m'ngalande yodzaza mapulasitiki,
amenewo ndi anga.
Ine ndinali m'tulo, bambo,
sindinawafunse kwawo.

Makina osokera mukuti anali kale ndi dzimbiri.
Zoona. Nanenso ndili nalo m'mawondo.
Filiji mukuti inafa magetsi atabwera ndi ukali
pambuyo pa maola khumi ndi awiri a mdima,
ndipo imfa yotero ili ndi ndime yakeyake.
Chitseko, chiswe.
Matumba a nsalu, makoswe.
Mng'alu uwo, mmisiri anaumira simenti,
mmisiri amene tinamuika ku Chingwere chaka cha kolera.
Mukamufunse.

Mukufuna kudziwa ngati nyumba inagonapo yokha
masiku oposa makumi atatu.
Inagona.
Ndinali kuchipatala chachikulu, pa katoni,
pansi pa bedi la Yotamu,
kuwerenga mpweya wake, osati masiku.
Ndiye anasaina pepala ili ndi bolopeni yobwereka,
nandiuza pa siteshoni, chimanga chootcha chili m'manja:
Zelipa, kuyambira lero tizigona tulo.
Iye akugonadi.

Zipolowe, ayi. Nkhondo, ayi.
Nthaka ikatitimira, ayi.
Wakuba akalowa osathyola loko, ayi,
ngati kuti wakuba waulemu saba.

Ine ndine telala, a Hamoonga, kudula ndimakudziwa.
Pamafunika bowo la mutu, mabowo a mikono.
Koma diresi lomwe mabowo achuluka kuposa nsalu
sindinalisokepo,
ndipo ndikanalisoka
mwini wake akanandivula chitenje pakati pa msika wa Soweto.

Nanga chimene mukanalipira n'chiyani?
Moto, mukutero.
Ndayang'ana machesi pawindo. Anyowa.
Musaope, ndikudziwa,
moto woyatsa wekha uli m'munsimu, mzere womaliza,
munandiganizira kale ndisanaganize.

Simukundiyang'ana.
Mukuyang'ana chule amene wakhala pa pilo wanga
ngati ndiye analipira lendi.
Mwatsokomola, mwati inu mumangotumidwa,
kuti kwanu ku Chawama nakonso
ana anagona pamwamba pa tebulo.
Ndakumvani. Lembani zomwe anakutumani.
Lembani bwino dzina, Daka, osati Daka wina
amene mwina madzi ake anagwa kumwamba.

Koma taimani.
Thalauza lanu lang'ambika pa bondo,
waya wa pageti uja sasankha.
Singano ndili nayo, inali pa kolala,
ulusi wakuda uli m'tsitsi.
Kwezani mwendo pa ndowa.

Ndisanayambe, ndifunse:
nsaluyi inali itatha kale?
Munaichapa kangati? Munaisiyapo yokha?
Wayayo anakukolani kuchokera kumwamba
kapena pansi?

Mwaseka, kenako mwaleka.
Khalani phee, ndingakubayeni.
Ndisoka bowo lonse,
ndi mbali yomwe inayamba kale kuperepeseka.
Kuno tsamba lachisanu ndi chiwiri
linapita ndi madzi.